Gasi wa m'zinyalala za ku Chunga: mafunso ndi mayankho

Chaka cha 2024, madzi atachepa kudamu lopangira magetsi la Kariba, ambiri a ife muno mu Lusaka tinkakhala maola 20 kapena kuposerapo popanda magetsi, ndipo thumba la malasha linkakwera mtengo tikuona. Nthawi imeneyo funso lina linkamveka kawirikawiri m'minibasi ndi m'magulu a WhatsApp: akuti kunja anthu amakoka gasi m'zinyalala n'kumagulitsa, nanga ife chiphiri chonse chija cha zinyalala cha ku Chunga, mtaya wa mzinda wathu, chikutipindulira chiyani? Funsoli ndi lanzeru, ndipo likufunika yankho loona, osati longotisangalatsa. Maganizo anga ndineneretu: gasiyo alipo ndithu, koma wofuna kumugulitsa ayenera kuyamba ndi dothi lokwirira zinyalala, makina oyeretsera abwere pambuyo.

Kodi gasiyu amachokera kuti, popeza kumtaya timangotayako zinyalala?

Chilichonse chimene chinali ndi moyo chimawola: nsima yotsala, masamba a repu ndi kabichi, makoko a nthochi, matumbo a nkhuku, makatoni, udzu wa m'mayadi. Zikawolera poyera pamene mphepo ikupita, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadalira oxygen timazisandutsa manyowa, madzi ndi carbon dioxide. Koma zikatsinjikidwa pansi pa zinyalala zinzake, oxygen amatha msanga, ndipo ntchito imagwera tizilombo tina. Gulu loyamba limaphwanya zakudyazo n'kuzisasitsa, monga mmene munkoyo umasasira ukagonera. Gulu lomaliza, limene silifuna oxygen ngakhale pang'ono, limadya zosasazo n'kutulutsa methane, gasi woyaka amene tikunenayu. Tizilombo ta mtundu womwewu ndi timene tili m'mimba mwa ng'ombe ndi m'matope a kudambo.

Mpweya umene umatuluka kumtaya, kapena kuchishala monga timanenera kuno, pafupifupi theka lake ndi methane ndipo theka linalo ndi carbon dioxide. Muli tina tochepa: nthunzi ya madzi, ndi hydrogen sulphide amene amanunkha ngati dzira lovunda. Methane payekha alibe fungo ndipo saoneka. Fungo limene limakulandirani mukayandikira ku Chunga si la iyeyo.

Methane amayamba kutuluka mokwanira pakapita miyezi ingapo mpaka chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo amatha kupitiriza zaka 20 kapena 30. Koma apa pali mfundo imene imatikhudza ife kwambiri. Mapepala ndi matabwa zimawola pang'onopang'ono, pamene zakudya zimawola m'zaka zochepa, makamaka kumalo ofunda. Zinyalala zathu zachuluka zakudya ndi masamba. Choncho gasi wathu amabwera msanga n'kupitanso msanga, ndipo wambiri wochokera ku zimene zinatayidwa zaka 15 zapitazo anauluka kalekale.

Ndi yemweyo amene timagula m'masilinda pa filling station?

Ayi. Wa m'masilinda ndi LPG, ndiye kuti propane ndi butane, wochokera koyenga mafuta. Iyeyo ukamupanikiza pang'ono amasanduka madzi, n'chifukwa chake silinda ya makilogalamu 9 mukaigwedeza mumamva kukhutchumuka, ndipo imaphikira banja masabata angapo. Methane sagonja chotero. Pa kutentha kwa masiku onse sasanduka madzi ngakhale mumupanikize bwanji. Mwina mumupanikize mpaka mabar 200 kapena 250 (bar ndi muyeso wa kupanikiza) m'masilinda achitsulo chochindikala, n'kukhala gasi wotchedwa CNG, kapena mumuziziritse mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke madzi otchedwa LNG.

Kusiyana kwina: LPG ndi wolemera kuposa mpweya wa m'nyumba ndipo akadontha amakhala pansi, pamene methane ndi wopepuka, amakwera kudenga. Timabowo ta sitovu ya LPG sitigwirizananso ndi methane popanda kusintha.

Bwanji osangomusiya auluke, monga wakhala akuchitira?

Zifukwa ndi ziwiri, china chakutali china chapakhomo. Chakutali ndi nyengo. Kilogalamu imodzi ya methane imasunga kutentha kuwirikiza pafupifupi ka 28 poyerekeza ndi kilogalamu ya carbon dioxide mukawerengera zaka 100, ndipo kuwirikiza pafupifupi ka 80 mukawerengera zaka 20. Ubwino wake sakhalitsa mumlengalenga, amatha m'zaka pafupifupi 12, ndiye kumuchepetsa lero kumaoneka phindu lake ana athu asanakalambe. N'chifukwa chake pamsonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow mu 2021 mayiko oposa 100 analonjeza kuchepetsa methane ndi maperesenti 30 pofika 2030. Kungomuwotcha chabe pa chumuni, osagulitsa kanthu, kumathandiza kale kwambiri, chifukwa akapsa amasanduka carbon dioxide ndi madzi.

Chapakhomo ndi moto. Methane akasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa maperesenti 5 mpaka 15, kamoto kakang'ono kokha kamamuphulitsa. Ku Istanbul mu Epulo 1993 gasi anaphulika pamtaya wa Ümraniye, zinyalala zinagumukira pa nyumba, ndipo anthu 39 anafa. Ndi gasi yemweyu amene amachititsa kuti moto wa kumtaya uzivuta kuzima m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala: pamwamba wazima, pansi ukunyeka, ndipo utsi wa mapulasitiki ukulowa m'mapapo mwa ana.

Palinso kugumuka. Mulu wautali wosatsenderedwa, wodzaza madzi ndi mpweya mkati, umatsetsereka. Ku Koshe mu Addis Ababa anthu oposa 110 anafa mu Malichi 2017. Ku Hulene mu Maputo anafa osachepera 16 mu Febuluwale 2018, mvula yamphamvu itagwa usiku. Ku Kiteezi mu Kampala anafa oposa 30 mu Ogasiti 2024. Onsewa ndi anthu onga ife, okhala m'makomboni amene anayandikana ndi zinyalala chifukwa malo ena kunalibe.

Amamukoka bwanji pansipo?

Amakumba zitsime, koma zitsime za mpweya. Makina amaboola mulu wa zinyalala mpaka kuyandikira pansi, osafika pa pepala lapulasitiki limene linayalidwa kunsi. M'dzenjemo amalowetsa paipi ya pulasitiki yolimba yokhala ndi timabowo, n'kuizungulira ndi miyala, ndipo cha kumtunda amamata ndi dongo kuti mpweya wakunja usalowe. Pamalo pamene akutayapobe zinyalala amagoneka mapaipi chopingasa n'kumawakwirira mulu ukamakula. Zitsime zonse zimalumikizidwa ku paipi yaikulu, ndipo kumapeto kuli makina okoka amene amayamwa pang'onopang'ono usana ndi usiku. Gasiyo amatuluka wofunda ndi wonyowa, ndiye m'njira muli mitsuko yotchera madzi, apo ayi mapaipi amatsekeka.

Luso lenileni lili pa kukoka mwa muyeso. Mukakoka mofooka, gasi amathawira m'mbali. Mukakoka mwamphamvu, mumayamwa mpweya wakunja kudzera m'ming'alu. Oxygen akalowa amapha tizilombo topanga methane tija, ndipo angayambitse moto wapansi umene umanyeka miyezi. Choncho pamafunika munthu woyenda chitsime ndi chitsime ali ndi kachipangizo kopimira, kutsegula apa pang'ono, kutseka apo pang'ono, mlungu uliwonse. Ntchito imeneyi ndi imene amisiri athu ochokera ku yunivesite ya UNZA ndi m'makoleji a ntchito zamanja angaigwire bwino ataphunzitsidwa, ndipo ndi imene imaiwalika polemba bajeti.

Pamtaya wokwiriridwa bwino, amatha kugwira maperesenti 60 mpaka 90 a gasi yense. Pamtaya wapululu, zochepa kwambiri.

Akatuluka m'paipi ndiye kuti wafika pogulitsa?

Ayi, ulendo wangoyambika. Gasi wa kumtaya ali ndi theka chabe la mphamvu ya gasi wogulitsa: kiyubiki mita imodzi ya methane weniweni ili ndi kutentha kwa ma kWh pafupifupi 10, kofanana ndi lita imodzi ya dizilo, pamene ya gasi wosayeretsa ili ndi pafupifupi 5. Kuti afanane ndi gasi wa m'migodi ya pansi panthaka, ayenera kufika maperesenti 96 kapena kuposerapo a methane.

Amayamba ndi kumuumitsa, pomuziziritsa kuti nthunzi igwe. Kenako amachotsa hydrogen sulphide pomudutsitsa m'matanki a makala okonzedwa mwapadera kapena a dzimbiri la chitsulo, chifukwa ameneyu akakumana ndi madzi amapanga asidi wodya zitsulo. Pali mdani wina amene ambiri samudziwa, ma siloxane. Amachokera m'mafuta odzola, m'mashampu ndi m'mankhwala a tsitsi amene timataya ndi mabotolo ake. Akapsa mu injini amasiya chinthu choyera cholimba ngati mchenga pa mavavu ndi mapisitoni, injini n'kutha nthawi yake isanakwane.

Ntchito yaikulu ndi kulekanitsa carbon dioxide, ndipo njira zodziwika ndi zinayi. Ina ndi kumutsuka ndi madzi opanikizidwa, poti carbon dioxide amasungunuka m'madzi msanga kuposa methane, monga mumaonera thovu la m'botolo la zakumwa. Ina ndi mankhwala a amine amene amagwira carbon dioxide n'kumutaya akatenthedwa. Ina ndi matanki odzaza timibulu timene timamata carbon dioxide akapanikizidwa n'kumumasula mphamvu ikatsika. Yachinayi, imene yafala masiku ano, ndi timapaipi topyapyala ngati tsitsi timene khungu lake limalola carbon dioxide kudutsa n'kutsekereza methane.

Chovuta kuposa zonse ndi nitrogen ndi oxygen, amene si a m'zinyalala koma amalowa ndi mpweya wakunja. Nitrogen amafanana kwambiri ndi methane pa kukula kwake, ndiye kuwalekanitsa kumadya ndalama ndi magetsi ambiri. Apa ndi pamene dothi lokwirira limabwereranso m'nkhani. Mtaya wosakwiriridwa umapereka gasi wodzaza nitrogen. Injini ya magetsi ingathe kumupirira, koma makina opanga gasi wogulitsa sangathe popanda kuwononga phindu lonse.

Pomaliza amathiramo mankhwala onunkha dala, kuti akadontha munthu amve.

Zinachitikapo kwina, kapena ndi maloto a akatswiri?

Zakhala zikuchitika kwa zaka 50. Malo oyamba kuyeretsa gasi wa kumtaya n'kumulowetsa m'mapaipi a mzinda anali Palos Verdes ku California mu 1975. Ku New York, mtaya wa Fresh Kills unayamba kutero mu 1982, ndipo unapitiriza kupereka gasi m'nyumba za anthu zaka zambiri utatsekedwa mu 2001. Ku Altamont, ku California komweko, mu 2009 anatsegula makina osandutsa gasiyu kukhala LNG yoyendetsera malole otola zinyalala. Ku America konse kuli ntchito zoposa 500 zogwiritsa ntchito gasi wa kumtaya, zambiri zopanga magetsi. Ku Brazil, mtaya wotumikira mzinda wa Fortaleza umalowetsa gasi woyeretsedwa m'mapaipi opita ku mafakitale.

Muone chimene onsewa ali nacho: mtaya waukulu woyendetsedwa mwadongosolo, ndi paipi ya gasi kapena wogula wamkulu pafupi.

Nanga muno mu Africa?

Chitsanzo chapafupi ndi Durban. Kumeneko anayamba ndi mtaya wa Mariannhill cha m'ma 2006, ndi injini ya megawati 1, kenako Bisasar Road imene inafika megawati 6.5. Johannesburg nayo imapanga magetsi pa mtaya wa Robinson Deep ndi malo ena. Onsewa anasankha magetsi, osati gasi wa m'mapaipi, ngakhale South Africa ili ndi paipi ya gasi yochokera ku Temane ku Mozambique. Zimenezi zikutiuza kanthu.

Nkhani ya Bisasar Road ili ndi mbali ina yoyenera kuikumbukira. Anthu okhala pafupi ankafuna mtayawo utsekedwe chifukwa cha fungo ndi matenda, ndipo ena anadandaula kuti ndalama za gasi zikupatsa mzinda chifukwa choupitirizira. Madandaulo otere ndi oona mtima, ndipo ku Chunga angabwerenso.

Ndiye Chunga ingathe kapena ayi?

Ingathe kupereka gasi. Kupereka gasi wogulitsa lero, mmene ilili, ndikukayika kwambiri, ndipo ndifotokoza chifukwa.

Mtaya wa ku Chunga unamangidwa pakati pa zaka za 2000 ndi 2010 ndi thandizo la dziko la Denmark, ndipo unakonzedwa kuti ukhale wamakono: zinyalala zipimidwe pa sikelo, zitayidwe m'chigawo chimodzi, zitsenderedwe, zikwiriridwe ndi dothi. Kuyendetsa malo otere kumafuna buludoza ndi chotsendera zogwira ntchito tsiku ndi tsiku, dizilo wake, ndi dothi la malole ambiri. Zimenezi zikasowa, malo aliwonse otere amabwerera kukhala chishala wamba, ndipo amene anafikako ku Chunga amadziwa kuti mbali yaikulu zinyalala zili pamtunda, zomwazikana, ndipo zimapsa kawirikawiri.

Zinthu zitatu zimadya gasi pamenepo. Choyamba, zinyalala zosatsenderedwa zimalowa mphepo, ndiye zimawola popanda kupanga methane. Chachiwiri, chimene chapsa chapsa, phulusa silitulutsa gasi. Chachitatu ndi madzi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula imalowa m'mulu wosakwiriridwa n'kudzaza zitsime, ndipo chitsime chodzaza madzi sichikoka mpweya. Madzi akudawo amafunika kupopedwa ndi kusamalidwa, nkhani imene ndi yaikulu payokha mumzinda umene gawo lalikulu la madzi ake akumwa limachokera pansi panthaka. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala pamwamba pamauma n'kung'ambika, mphepo n'kulowa.

Tionjezepo kuti zinyalala zambiri za mumzinda uno wa anthu oposa 2 miliyoni sizifika n'komwe ku Chunga. Zimathera m'maenje a kuseri kwa nyumba, m'ngalande, kapena pamoto wa madzulo. Ndiponso zimene zimafika zili ndi dothi losesa pabwalo ndi phulusa la mbaula lambiri, zolemera pa sikelo koma zopanda gasi.

Ndondomeko imene ndikuiona yanzeru ndi iyi. Zimitsani moto, umbani mulu kuti usakhale wotsetsereka, kwirirani mbali zimene zadzaza. Kumbani zitsime zochepa zoyesera ndipo muwotche gasiyo pa chumuni kwa chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe, mukulemba kuchuluka kwake ndi ubwino wake. Manambala amenewo ndi amene anene kukula kwa injini yoyenera. Ntchito zambiri m'mayiko otentha zinagwa chifukwa zinawerengera gasi pa kompyuta ndi masamu a ku Ulaya ndi America, n'kugula makina aakulu, kenako pansi n'kutuluka wochepa kwambiri. Fisi akatola fupa sayamba walimeza, amayamba waliyesa.

Tilibe mapaipi a gasi. Angagule ndani?

Ili ndi funso limene wobwera ndi pulani aliyense ayenera kuyankha asanatchule china. Zambia ilibe mapaipi a gasi opita m'nyumba kapena m'mafakitale. Paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola ndi ya mafuta, ndipo kuyambira 2023 imanyamula dizilo. Choncho njira imene New York inatsata ife tilibe.

Zotsala ndi zitatu. Yoyamba ndi magetsi: injini pamalo pomwepo, kugulitsa kwa kampani ya magetsi ya ZESCO kapena kwa fakitale. Yachiwiri ndi paipi yaifupi yopita kwa wogula mmodzi wofuna moto wambiri, monga wowotcha njerwa kapena wokhala ndi boyila. Ameneyu safuna gasi woyeretsedwa kwambiri, kungomuumitsa ndi kuchotsa sulphur basi, ndipo nthawi zambiri ndiyo njira yotsika mtengo. Yachitatu ndi CNG ya galimoto. Imeneyi imandikopa chifukwa wogula woyamba ali kale pageti: malole otola zinyalala amabwera ku Chunga tsiku lililonse, ndipo akanamwera pomwepo m'malo mwa dizilo wogula ndi madola. Ku Dar es Salaam mabajaji ndi matakisi ambiri asinthira ku CNG, ndiye luso losintha injini lili pafupi. Koma iwo gasi wawo amachokera m'zitsime za ku Songo Songo ndi Mtwara, wochuluka ndi woyera kale. Ife tingafunike kugula makina oyeretsera, opanikizira ndi malole atsopano nthawi imodzi.

Kodi angathetse load shedding?

Ayi. Injini ya megawati 1 imadya makiyubiki mita 500 mpaka 600 a gasi wa kumtaya pa ola lililonse. Bisasar Road, umene unali umodzi mwa malo aakulu kwambiri otayako zinyalala mu Africa, unafika megawati 6.5. Siteshoni ya magetsi ya Kariba North Bank yokha ndi megawati 1,080, ndipo mu 2024 dziko linkaperewera megawati oposa 1,000. Phindu la magetsi a kumtaya ndi lakuti sadalira mvula ya ku Zambezi kapena dzuwa, amayaka usiku ndi usana. Angayendetse mapampu a madzi kapena chipatala. Mzinda wonse ayi.

Nanga kulowa m'malo mwa malasha?

Ndikanakonda nditati inde, chifukwa malole a malasha amene amalowa mumzinda uno m'mawa uliwonse ndi nkhalango zathu zikutha. Koma methane ndi wovuta kumufikitsa kukhitchini popanda mapaipi. Silinda ya CNG ndi yolemera, yodula, ndipo imasunga mphamvu yochepa poyerekeza ndi ya LPG yofanana kukula. Chotheka ndi khitchini yaikulu yapafupi ndi mtaya, ya sukulu kapena yophikira anthu ambiri, yolumikizidwa ndi paipi.

Ndalama zake zingachokere kuti?

Zitsime ndi chumuni zokha zimadya ndalama zambiri, ndipo makina oyeretsera amawerengedwa m'mamiliyoni a madola. Zolowa zimachokera kutatu: kugulitsa gasi kapena magetsi, ndalama zimene malole amalipira pageti, ndi ma carbon credit, ndiye kuti malipiro ochokera kwa makampani kapena mayiko akunja chifukwa cha methane amene mwamuletsa kuuluka.

Pa ma carbon credit tisamale. Pansi pa pangano la zanyengo la Kyoto la 1997 ntchito zambiri za kumtaya zinamangidwa podalira ndalama zimenezi. Mtengo wake unali woposa mayuro 10 pa tani mu 2011, ndipo pofika kumapeto kwa 2012 unagwa kufika pansi pa yuro imodzi. Machumuni ambiri anazima. Misika yatsopano ya pansi pa pangano la zanyengo la Paris ikutseguka, ndipo tiyenera kuigwiritsa ntchito, koma ikhale ndiwo, nsima ikhale wogula weniweni wa kuno. Ndipo mgwirizano uliwonse unene poyera kuti gasi ndi wa yani, ma credit ndi a yani, ndi gawo liti lotsalira khonsolo kuti ligulire dizilo wa buludoza.

Anthu amene amatola mabotolo ndi zitsulo kumeneko zidzawathera bwanji?

Funso ili limandikhudza kuposa la makina. Ku Chunga kuli amayi, abambo ndi achinyamata ambiri amene amadya chifukwa chotola mapulasitiki, zitsulo ndi makatoni n'kugulitsa kwa ogula. Ntchito ya gasi imabwera ndi mpanda, alonda ndi lamulo loletsa moto, ndipo zinyalala zikamakwiriridwa tsiku lomwelo nthawi yotola imachepa. Akangothamangitsidwa, mabanja agona ndi njala, ndipo mpandawo sukhalitsa.

Chonsecho zimene iwo amatola si zimene zimapanga gasi. Pulasitiki, galasi ndi chitsulo siziwola. Akazichotsa, malo otayira amakhalitsa. Choyenera ndi kuwamangira pamalo posankhira zinyalala malole asanakwere pamulu, pokhala ndi denga, madzi, magolovesi ndi majombo, ndi kuwalemba m'magulu awo kuti akhale nawo pokambirana kuyambira tsiku loyamba. Iwo ndi amene amadziwa mbali imene imafuka nthawi zonse ndi imene imadikha madzi.

Kodi si bwino kungoletsa zowola kuti zisafike kumtaya?

Inde, ndipo pa zinyalala za mawa imeneyi ndiyo njira yabwino koposa. Ngakhale mtaya wabwino umataya gawo la gasi wake, makamaka zaka zoyamba zitsime zisanakumbidwe, nthawi imene zakudya zimawola kwambiri. Thanki yotsekedwa ya biogas, yowoletseramo zinyalala kuti zitulutse gasi, imagwira pafupifupi yense, m'masabata osati m'zaka, mulibe nitrogen wovuta uja, ndipo chotsala ndi manyowa a kumunda. Pitani ku Soweto Market m'nyengo ya tomato ndi mango muone milu ya zowola zokhazokha, zosankhika kale. Onjezani za m'malo ophera nyama ndi m'makola a nkhuku ozungulira mzinda. Matanki otere si achilendo kuno: ku Kanyama ndi ku Chazanga anamangidwa kuti azilandira zochokera m'zimbudzi zokumba.

Njira ziwirizi sizilimbana. Zimene zili kale ku Chunga sitingazibweze, ndiye tizikokere gasi. Zatsopano tiyambe kuzipatula.

Ndani amapereka chilolezo?

Bungwe la boma la ZEMA limaona za chilengedwe motsatira lamulo la 2011, ndipo ntchito yaikulu chotere imafuna kafukufuku wa mmene idzakhudzire malo ndi anthu, amene amaphatikizapo kumva maganizo a okhala pafupi. Msonkhano wotere ukaitanidwa, pitani. Bungwe la boma la ERB limapereka malaisensi a magetsi ndi mafuta. Za zinyalala zenizenizo zili pansi pa lamulo la 2018 la kasamalidwe ka zinyalala, limene limapereka udindo ku makhonsolo.

Ndimakhala pafupi ndi mtaya. Ndizisamala chiyani pakali pano?

Gasi samangokwera kumwamba. Pamwamba pakatsekeka, monga dothi likanyowa ndi mvula, amayenda cham'mbali m'ming'alu ya nthaka ndi m'ngalande za mapaipi, n'kutulukira pansi pa nyumba. Ngati nyumba yanu ili pafupi kwambiri, kapena inamangidwa pamalo amene kale anali chishala kapena dzenje la miyala lokwiriridwa ndi zinyalala, matani ming'alu ya pansi ndi simenti ndipo musatseke timawindo ta mpweya. Zizindikiro ndi thovu lotumphuka m'zithaphwi, udzu wofa chigamba chimodzi pamene wina uli wobiriwira, nthaka yofunda, ndi fungo la dzira lovunda m'chipinda chotseka. Mukaziona, tsegulani zitseko, musayatse machesi, kandulo kapena mbaula, tulutsani ana, ndipo dziwitsani khonsolo kapena ozimitsa moto.

Musalowe m'chitsime, m'dzenje lakuya kapena m'thanki pafupi ndi mtaya, ngakhale mwagwera ndowa kapena mbuzi. Carbon dioxide ndi hydrogen sulphide ndi olemera, amadikha pansi, ndipo munthu amakomoka asanakuwe. Hydrogen sulphide akachuluka amapha mphuno, ndiye kusamva fungo sikutanthauza kuti muli bwino. Wina akakomokera m'dzenje, musatsike kukamutenga muli nokha opanda chingwe ndi anthu okukokani. Madzi a m'chitsime chosaya chapafupi ndi mtaya musamwe ngakhale mutawiritsa, chifukwa kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo ta kolera koma sizichotsa mankhwala ndi zitsulo zosungunuka.